Ndinapenta Sitima ya Mkamwini

Mpaka lero chipinda chapansi kwa mwana wanga ku Annandale chili ndi loko. Amati n'chifukwa cha akuba. Wakubayo ndikumudziwa ine.

Sukulu ndinalekeza Sitandade 2, koma za sitima musandiuze! Zaka makumi atatu ndinkapukuta mainjini ndi kuwathira girizi ku Limbe. Ndiye nditafika ku America m'ma 90 muja, ndinapeza mwamuna wa Esinati wanga, a Tembo a ku Lusaka, bambo wandevu zake, akusunga tisitima tachidole takalekale. Amagula takufa n'kumatidzutsa. Kapamtima pawo kanali kainjini kakuda, kokalamba kuposa iwo, ndipo Loweruka la sabata yomwe ndikunenayi ankayenera kupita nako kuchionetsero cha tisitima.

Kankatulutsa utsi, anthuni! Malasha mulibe, moto mulibe. Nanga utsiwo ukuchokera kuti?

"Ni tumafuta chabe na magetsi, batata," anatero a Tembo m'Chinyanja chawo cha ku Lusaka, chimene bambo amati batata.

Bodza. (Mkamwini andiphunzitse sitima ine?)

Lachinayi onse atapita kuntchito, ndinatsikira kuchipinda chapansi kuja ndi sikuludiraiva. Ndimangofuna kusuzumira basi. Ndinamasula, ndinasuzumira, ndinanunkhiza. Moto sindinaupeze, koma manyazi ndinawapeza: utoto wosuluka, mikwingwirima mbali zonse. Folomani wathu wa ku Limbe akanaona injini yotere, wina akanagona ndi njala.

Ndinayamba ndi sanza. Sanza inalephera, ndinatenga sitiliwulo ya Esinati. Nditakwecha, timanambala ta m'mbali tinachoka (kuwerenga sindiwerenga kwenikweni, ndiye sindinatisowe). Chitsulo chitayera mbee, ndinaona kuti injini ili maliseche. M'galaja munali utoto wobiriwira wotsala pa mpanda. Ndinapaka kawiri, kuti kalimbe.

A Tembo atafika ndinakuwa ndili pansi pomwepo: "Akamwini! Tsikani mudzaone ntchito ya amisiri!"

Anatsika. Anayang'ana. Anavula magalasi, kupukuta, kuvalanso. Paja mkamwini sakalipira apongozi ake, ndiye munthu uja ananjuta n'kuwomba m'manja pang'onopang'ono.

"Zikomo, batata. Mwasebenza maningi."

"Aa, n'zazing'ono izi. Mawa ndipenta enawo."

Anatuluka nakadzitsekera m'galimoto. Ndinaona pawindo akuyankhula ndi chiwongolero, manja m'mwamba. Ndinkati akupemphera.

Esinati ndiye sanandiwombere m'manja.

"Ababa, mwatani? Anthu amabwera kudzaona utoto wakale womwewo! Wa kufakitale!"

"Wosuluka uja?"

"Womwewo! Ndi mikwingwirima yomwe. Zaka zisanu akukasaka kameneka!"

"Ndiye kuno chinthu chikatha m'pamene chimakoma? Bwanji ine simundiika pachionetsero?"

Sanaseke.

Loweruka a Tembo anapitabe nako, atakakulunga m'thawulo ngati maliro. Ine ndinakhala tsiku lonse osakweza mawu, mpaka Esinati anandiyeza BP. Madzulo a Tembo anabwera nandiuza kuti azungu anaunjikana kukajambula, ndipo nkhalamba ina inafunsa ngati kanagwera m'dziwe.

Kenako anandipatsa kangolo kopanda mateyala, mwaulemu, ndi manja awiri.

"Aka ni kanu, batata. Mupente mwamene mufunira."

Loko anaika tsiku lomwelo.

Ndinaphunzirapo ndithu: chinthu cha mwini suyamba wapenta usanafunse. Koma kobiriwira kaja kakuyendabe, kakufukabe utsi, ndipo palibe amene wandionetsa motowo. Sikuludiraiva ili m'thumba la jekete. Tsiku lina adzaiwala kukhoma.