Thadzi la Apongozi Lagona M'dishi

Lolemba

Atate a Mada akadziwa kuti ndatsitsa dishi padenga, ine ndapita kwathu, chikwama pamutu, mwana kumsana. Ali ku Chiparamba kopima thonje, akubwera Lamulungu. Koma sindikubwerera m'mbuyo ayi.

Dikoda ija imangodya ndalama mwezi ndi mwezi, malaiti akuzima tsiku lonse. Tizilipira kuti tizionera mdima? Achimwene anga a Lazaro atsitsa dishi m'mawa uno, andiikira zoonera mafilimu pafoni zija. Ukalipira pamwezi, mafilimu onse ali m'manja mwako. Akuti, "Mlongo, alamu wawafunsa?" Ndati akafika adzandiyamika okha.

Mzere wathu wonse muno m'Nabvutika, woyamba ndine. Ine wa giledi seveni yemwe!

Lachiwiri

Kukoma kwake!

Filimu ndikuiimitsa, ndikukasambitsa Mada, pobwera anthu aja ali chiimire kundidikira ine.
Malaiti azima, ine ndikuonera.
Wolanda rimoti palibe.

Dishi nayonso yapeza ntchito. Thadzi lomwe apongozi anabweretsera Mada kuchokera ku Tamanda limaikira kuseri kwa bafa, agalu n'kumaba mazira. Ndayala udzu m'dishi, ndaikamo mazira otsalawo, ndakhazika pakhonde la kuseri. Lalowa lokha, lafungatira. Nzeru si za kusukulu zokha!

Lachitatu

Amake Joyi, aneba athu, afika ndi ana awo ndi kampando, monga achitira nthawi ya sewero la madzulo. Ayang'ana TV, bii. Atuluka, ayang'ana denga, mbee.

"Amake Mada, zavuta? Mukananena, a mphakati tikanasonkha."

Kusonkhera ine! Ndatulutsa foni, ndayatsa filimu.

Tonse pa kafoni kamodzi. Mitu kugundana. Uyu akuti sakuona, uyo akuti ndikweze mawu, Joyi akupumira m'khutu mwanga. Kuti ndipeze mpweya, ndawapatsa pasiwedi akaonere kwawo. Potuluka akuti, "Koma mwatukuka, amake Mada." Mawu amenewo ndawasunga bwinobwino.

Lachinayi

Filimu yaima yokha, pomwe mkwatibwi akutsegula chitseko cha kuchipinda. Kanthu kakungozungulira pakati, zungulire, zungulire. Bandulo yatha! Kani umalipira kawiri, kwa eni mafilimu kenako bandulo? A Lazaro akuti anandiuza. Mwina ananena maso anga ali pa chithunzi.

Ndagula ina ndi ya ndiwo. Lero tidya chibwabwa, chili ndi mavitamini.

Mada sakulandira phala popanda katuni wa kagalimoto kolankhula. Ndikazimitsa akudzigwetsa pansi, miyendo m'mwamba, mpaka kutsamwa. Ndikuopa. Koma mwana wa zaka ziwiri kudziwa kale pokanikiza! Watengera amake.

Lachisanu

Ndikutsegula, ikukana. Chizungu chokhachokha. Ndapita nayo kwa mayi wa kabuthi kotumizira ndalama, wandiwerengera. Akuti anthu oonera achuluka, ndidikire ena amalize.

Ndidikire ine mwini wake?

Amake Joyi apatsa pasiwedi mlamu wawo, mlamuyo wapatsa a kwaya. Podutsa pa saluni kumsika ndamva nyimbo ya filimu yanga. Woluka tsitsi wandithamangira: "Mwaona? Kuseri kwa chitseko kunali amake mwamuna!" Ine ndisanafikepo!

Komabe msika wonse ukundipatsa moni. Wa tomato akuti, "Abwana a mafilimu!" ndipo wandiikira mbasela. Kusintha pasiwedi? Kuti azinena kuti ndine woumira? Ayi.

Loweruka

Atate a Mada aimba. "Mawa ndikufika ndi anzanga a pasikelo, ndi abwana omwe. Fainolo ya mpira ili masana. Ndawauza kuti kwanga TV imagwira ngati galasi. Ukonze pakhomo."

Ndati, "Chabwino, atate." Mawu osanjenjemera ngakhale pang'ono.

Ndafufuza mpira m'fonimo mpaka chala kuwawa. Muli filimu ya mphunzitsi wa mpira amene akudwala. Muli ina ya galu wosewera pagolo. Mpira weniweni, wa mawa, wa anthu othamanga, mulibe.

Ndapita kuseri kukachotsa thadzi. Lafufuma, landijompha pamkono, magazi! Amake Joyi ali pampanda: "Musalisunthe! Likadzuka silibwereranso, mazira onse asukusa. Mudzawauza chiyani apongozi?"

Zoona. Apongozi akaimba amayamba kufunsa thadzi, mdzukulu pambuyo. Anapiye amenewo anawagawa kale m'mutu mwawo, wina ngwa tsiku la ubatizo wa Mada.

Ndaliponyera chimanga patali. Landiyang'ana ndi diso limodzi, osagwedezeka.

Lamulungu

Ku misa yoyamba ndapita, ulaliki sindinaumve. Basi. Zili m'manja mwa Mulungu ndi nkhuku.

Koma ndilembe zoona, za pafonizi si zoipa, ndipo ine sindinalakwe. Zimangofuna munthu wopanda mwamuna wa mpira, wopanda aneba, wopanda kwaya. Kwa ameneyo n'zabwino kwambiri.

Ndasesa, ndakolopa, mipando ndabwereka. Dikoda ndaipukuta, ndaibwezera pamalo pake ndi kansalu kake ka maluwa. M'nyumba ukalowa sungadziwe kanthu. Malaiti, omwe sabata yonse kunalibe, lero ayaka ngwee kuyambira m'mawa, ngati atumidwa. Denga lokha ndilo likundineneza.

Foni ilibe kanthu, ngakhale ndalama yoimbira. Kagalimoto ka Mada kamaliza zonse. Tsamba ili ndikung'amba, wa njinga akudikira pakhomo kuti alipititse kwa a Lazaro.

Achimwene a Lazaro, bwerani tsopano lino, musadikire chakudya. Tengani makwerero, sipanala ndi dengu. Mudzere kuseri, amake Joyi asakuoneni. Thadzi mudzaligwira ndinu, ine landidziwa nkhope. Likakana, tidzakweza dishi padenga ndi thadzi lomwe, mazira ali momwemo, mwina mpira ugwirabe. Alamu anu akwera kale basi. Chonde, achimwene, thamangani!