Mmene DJ Anandiphera Filimu Yanga

Mpaka lero ndikaikumbukira nkhaniyi mtima umandiwira, ndiye mundipirire ndikayamba kukalipa.

Pali filimu ina yakalekale, yakuda ndi yoyera, imene ndimaikonda koopsa. Mayi wina mwamuna wake waphedwa, ndipo dokotala wa banjalo amabwera tsiku ndi tsiku kudzamutonthoza. Mpaka kumapeto sungaganize kuti wakupha ndi dokotalayo. Wosewera udokotalayo ndi katswiri, abale. Pali pena amangosenda lalanje, osayankhula, mayiyo akumuyang'ana m'manja, iwe woonera thukuta lili kamukamu.

Mkazi wanga, wokonda mafilimu a ku Nigeria, ankangoti, "Za azungu oti anafa kalekale zija?" Tinapangana kuti akaikonda, TV ya Lamlungu masana ikhala yanga. Akagona pakati, ndiiwale.

Ndinapita ndi fulashi ku Limbe kwa mkulu wina woika mafilimu. "Ilipo, bwana, yabooo," anatero. Ine osaiyesa n'komwe (uchitsiru wanga unali pamenepo).

Lamlungu titachoka kutchalitchi, kwathu ku Chirimba, ndinatseka makatani n'kulamula kuti mafoni azimitsidwe. Filimu itayamba, m'malo mwa kanyimbo koopsa koyambira filimuyo kunatuluka chimawu cha anyamata omasulira mafilimu aja:

"Eyaaa, muli ndi DJ wanu! Wachipewayu ndi Che Dokotala, mfiti yotheratu. Anapha mwamuna wa mayiyu ndi yemweyu, koma apolisi musawauze!"

Filimu isanapite n'komwe patali! Ndinadzambatuka. "Zimitsani! Si imeneyi!"

"Takhalani pansi, bambo a Chisomo, mukunditchinga," anatero mkazi wanga.

Pofika pa lalanje paja, pamene munthu umayenera kugwira mpweya, chitsirucho chinati, "Nachesi la ku Mwanza ili. Mayi akufuna awagawireko, koma manyazi." Mkazi wanga anaseka mpaka kugwa pampando, misozi mbwembwembwe. Ine ndikulozera, "Taonani maso akewo, taonani manja akewo!" Iye, "Shhh, DJ akuyankhula."

Ndinapsa mtima zedi. Munthu anasewera ndi mtima wake wonse, wina n'kumusandutsa wogulitsa manachesi!

Itatha anapukuta misozi ndi chitenje. "Mwawina, bambo, filimu yake ndi yabwino. TV ya Lamlungu ndi yanu. Koma muzibweretsa za DJ yemweyu, zinazo ine ayi."

Ndiye Lamlungu lililonse TV imakhaladi yanga. Mkazi wanga amaonera mafilimu anga akuseka chikhakhali, ine ndili pakhonde, ndatseka makutu.