Matewera Anayi mu Injini ya Eni Ake

Mpaka lero ndikamadutsa pagalaja ya ba Mulenga ndimathamanga ngati ndasiya ndiwo pamoto, chifukwa kansanza kakuda kamene amapukutira manja ndimakadziwa. Kanali thewera la mwana wanga.

Munali mu Januwale, ndipo amene anakhalapo mu Kanyama nthawi ya mvula safunika kumufotokozera. Madzi pakhomo, madzi m'njira, achule kulowa m'nyumba ngati amalipira lendi. Mwana wanga Chanda anali ndi miyezi isanu, m'mimba mwamutsegula, matewera ndili nawo asanu ndi limodzi basi, ndipo sakuuma. Ndikayanika pambaula akununkha utsi, ndikamuveka lonyowa matako akutuluka tizilonda. (Inu ogula matewera otaya aja, khalani chete kaye.)

Amuna anga, bashi Chanda, amayendetsa takisi. Motokayo si yathu, ndi ya mayi wina wa ku Chilenje amene sindinaonepo mano ake. Anali atawachenjeza kale kawiri za kuchedwa, akuti kachitatu makiyi abwerera, ndipo makiyi akabwerera ife tidya chiyani? Kamotoka kameneka kanali ndi matenda awiri. Kankatentha injini, ndiye akabwera masana kudzadya ankasiya boneti yotsegula kuti kapume. Komanso chingwe chotsegulira boneti chinaduka kalekale, iwo anamangirira waya wa hang'ala ya zovala, kansonga kake kakusuzumira kutsogolo. Ukakoka, boneti imadumpha.

Tsiku lina ndikudutsa pafupi, kutentha kwa injini kunandiwomba kumaso, nzeru inabwera. Ndinadikira bashi Chanda agone, ndinayala matewera pamwamba pa injini, nusu awala sinakwane, auma gwa. Ofunda, ofewa, ngati ositidwa. Masiku atatu ndinachita zimenezi ndikudzimva kuti aphunzitsi anga a giredi seveni sanandidziwe bwino.

Tsiku lachinayi ndinayala anayi. Chanda analira m'nyumba, ndinathamanga kukamuyamwitsa, mvula inayamba, kenako ndinangomva phaa!

"Amake Chanda!" Anali ba landilodi athu, mayi wamkono ngati wonyamula simenti. "Natseka boneti yanu, mvula ingalowe mu injini. Zikomo yanga ili kuti?"

Ndinati zikomo. Mulungu andikhululukire, mumtima ndinanena zina.

Ndinabereka mwana, kutuluka, kufufuza kawaya kaja. Kulibe. Kalowa mkati ndi kumenya kuja. Nthawi itadutsa kale fotini awazi, 2 koloko masana, ndipo fifitini awazi bashi Chanda akuyenera kukatenga mwini motoka kupita naye kumaliro ku Matero. M'maso mwanga ndinayamba kuona zonse: matewera akukulungika mu fani, utsi, moto, mayi uja akutuluka pawindo ndi chitenje chake cha maliro, ine pabasi yobwerera kwathu ku Katete ndi katundu wanga mu saka.

Ndinayamba ndi mthiko. Sunalowe. Ndinatenga waya wa ambulera, unapindika. Ndinatenga mpeni wodulira masamba a lepu, kuulowetsa pakampata, kupukusa, kupukusa, mpeni unandipulumuka nkugwera mkati, ndikumva ngwee. Tsopano mu injini muli matewera anayi ndi mpeni. Kunangotsala anyezi.

M'nyumba munamveka kuyasamula, bashi Chanda adzuka. Ndinalowa liwiro, kutenga makiyi patebulo, kuwaponya m'chitenje chomwe ndinaberekera mwana.

"Makiyi yanga mwayaona?"

"Awe."

Anagubuduza mapilo, anayang'ana pansi pa bedi, anagwedeza nsapato, ine ndikuthandiza kufuna ndi mtima wonse, mpaka kutsegula poto. Ndiye kumsana kwanga kunamveka ngwere ngwere ngwere. Chanda, mwana amene ndinamuvutikira usiku wonse pobereka, wawapeza ndipo akuwagwedeza, akuseka ndi nkhama zake.

Bashi Chanda anandiyang'ana, anatenga makiyi, nkukalowa m'motoka. Ine ndinathamanga kukaima kutsogolo, manja onse pa boneti.

"Osaliza! Napapata, osaliza!"

"Ni chani manje?"

"Muli matewera."

"Kuti?"

"Umo."

Anatuluka pang'onopang'ono. Anayang'ana boneti, anayang'ana ine, anayang'ana kumwamba ngati akufunsa amene anatidalitsa kutchalitchi.

"Yangati?"

"Folo. Na mpeni."

Mpeniwo sanafunse nkomwe. Anangopita kukaitana ba Mulenga, makanika wa kuseri kwathu. Ba Mulenga ndi Mubemba, ine wa kummawa, dera la Chipata, ndiye mwachikhalidwe timatukwanizana popanda mlandu, ndipo tsiku limenelo anali atapeza Khirisimasi.

"Imwe ba ku Chipata," anatero akununkhiza boneti, "nenze kuganiza mwaikamo mbeba kuti zipse bwino. Kansi ni vovala va bwana?"

Anagwada m'matope, anasuzumira ndi tochi ya foni, analowetsa sikuludiraiva yaitali. Kachitsulo kogwira boneti kanakana. Akuti ba landilodi anamenya kwambiri, kaluma, pakufunika munthu akhale pamwamba azidinikiza pomwe iwo akukankha mkati.

"Amene anayanika ndiye ankhale," anatero bashi Chanda.

Abale, ndinakwera. Mwana kumbuyo, mvula ikuwaza, ine pa boneti ya eni ake ndikudumphadumpha ndi matako. Azimayi a pampopi anasiya zigubu zikusefukira. Wa pakantemba anatseka kasitolo kakeko kuti adzaone bwino. Ba landilodi anatulutsa mpando.

"Jumphani na mphamvu, mayo! Mbeba simudya?" anakuwa ba Mulenga.

"Kolwe wanu, pusi mumadya uja, akanakwana mu injini sembe munaikamo kudala!" Mantha onsewo, pakamwa panayankha pokha.

Chanda yekha ndiye ankasangalala, akuganiza ndi masewera. Ndiye pansi panga panati tho! Ndinatsetsereka mpaka m'matope, miyendo m'mwamba, mwana ndamugwira bwinobwino, ulemu ndiwo sindinaugwire.

Boneti inatseguka, anthu anaombera m'manja. Matewera atatu ali pomwepo, ouma bwino. (Ndinawakhudza. Musandiweruze.) Mpeni anautulutsa. Bashi Chanda anagwira boneti kuti atseke, nthawi yatha, ndipo satana anandinong'oneza kuti atatu ndi okwanira, khala chete. Koma ndinaonanso chitenje cha maliro chija pawindo.

"Yenze folo," ndinatero ndi mawu a udzudzu.

Ba Mulenga analowetsa mkono mpaka phewa, nkulitulutsa lachinayi pansi penipeni, litatsamira lamba wa fani, lakuda bii ndi oilo. Sanaseke. Anangowaonetsa bashi Chanda pomwe linali. Kenako analiika m'thumba, akuti ndi malipiro.

Bashi Chanda anafika ku Chilenje mochedwa. Ine ndinakhala pakhomo ndikuyang'ana njira, kuti abwera ndi motoka kapena wapansi. Anabwera ndi motoka. Akuti anawauza mayi aja kuti boneti inakana kutseguka, za matewera sanatchule, ndipo mayiwo m'malo molanda makiyi anakalipa kuti bwanji simunakambe kale, nkulamula kuti zonse zikonzedwe. Anaika chingwe chatsopano chokokera mkati, anakonzanso zotentha zija. Tsopano kamotoka sikatentha, boneti siitsegulidwa, zitseko amakhoma, makiyi amagona nawo m'thumba.

Ntchito inapulumuka, ine choumitsira changa chinapita. Ndinalumbira pamaso pa amuna anga kuti makina a eni ake sindidzawayandikiranso. Koma dzulo ndinalowa kwa ba landilodi kukapempha mchere, dzanja langa linangodutsa kuseri kwa filiji yawo. Abale, kukufunda bwino kumene kuja.