Tsiku limene ndinachotsa amalume mʼgulupu

Pali zinthu zimene munthu umachita ndi chala chimodzi, kenako sabata yonse chakudya osatsika kukhosi. Ine zinandionekera, ndipo chinayambitsa ndi udindo umene sindinaupemphe nʼkomwe.

Ndimakhala chikamwini kwawo kwa akazi anga, kufupi ndi Limbuli. Akhristu a mipingo yosiyanasiyana mʼmudzimo tinatsegula gulupu ya pa foni yodziwitsirana za maliro ndi odwala. Popeza ndine kalaliki ku esiteti ya tiyi, anati ineyo ndikhale adimini, woyangʼanira gulupuyo. Ndinavomera mokondwa (ndinkaona ngati pamudzi pa eni ake ndayamba kuwerengedwa).

Miyezi iwiri tinakhala mwamtendere. Kenako mayi wina anatumiza chithunzi cha khanda lake likubatizidwa, abusa akulithira timadzi pamutu. Wina anayankha kuti uko nʼkusukusula mwana chabe, ubatizo weniweni ndi wa mumtsinje, munthu wamkulu, kumira thupi lonse. Moto unabuka pomwepo. Mavesi ankagwa mʼmawa, masana, ngakhale nthawi ya ntchito. Uthenga wa maliro a kwa Nkando unakwiririka pakati pa mavesiwo, anthu anauona mwambo utatha.

Ndinalemba lamulo kuti za ubatizo aliyense azikakamba kutchalitchi kwake. Onse anamvera kupatula nambala imodzi ya ku Mozambique, yopanda dzina, yopanda chithunzi. Kuno kumalire simu ya kutsidya si yachilendo, choncho sindinadabwe. Mwini nambalayo sankalemba, ankangotumiza mawu ojambula, ena otalika ngati ulaliki wa pa Khirisimasi. Ine sindinatseguleko ndi umodzi womwe, ndinkaumira bandulo. Ndikanangomvera kamodzi, mawuwo ndikanawazindikira.

Lachiwiri masana, anthu atadandaula kuti mafoni awo adzaza, ndinalemba poyera kuti a nambala yachilendo, kuno si kumsika, ngati mukusowa chochita kagwireni khasu. Ndinadina, munthu uja anatuluka. Ndinayembekeza kuti andiyamikira. Gulupu yonse inangoti zii, ngakhale aja osachedwa kuyankha.

Nditafika kunyumba ndinapeza akazi anga atakhala pakhonde, manja ali pamutu.

“Bambo a Tadala, mukudziwa amene mwawatuma khasu aja? Ndi amalume.”

Amalume a akazi angawo ndiwo eni mbumba. Ndiwo anandiloza malo omangapo nyumba (yomwe inali itafika pamawindo), ndiwo anandipatsa kamunda ka chinanazi, ndipo ndiwo amanena kuti mkamwini uyu akhale kapena anyamuke. Ndinamuonapo mnzanga wina akutuluka mʼmudzimo, mphasa ndi kachikwama atamanga panjinga, akazi ake akuyangʼana kumbali. Iye anangolakwa kuyankha mokweza pamsonkhano wa banja. Nanga ine amene ndinanyoza pamaso pa mudzi wonse?

Ndinafuna kuwabwezera mʼgulupu mwakachetechete, koma akazi anga anandilanda foni, ati chimenecho chikhala chipongwe chachiwiri. Lachitatu linadutsa osaitanidwa. Lachinayi chimodzimodzi. Ndinkachita mantha kwambiri, sindinama. Njinga ikalira belu panjira, ndinkathamangira kukasuzumira. Kuntchito ndinalemba masamba a gulu lina mʼbuku la gulu lina, akapitawo mpaka anandifunsa ngati ndili ndi malungo. Madzulo ndinkazungulira nyumba yanga yosathayo nʼkumagwira njerwa ngati ndikutsanzika.

Loweruka masana uthenga unabwera kuti ndikufunika. Ndinagwira tambala wathu wamkulu, ndinavala jekete ngakhale kunkatentha. Ndinawapeza atakhala pansi pa mtengo wa mapeyala, Baibulo pamwendo, foni pamwamba pa Baibulo. Ndinagwada patali, tambala akundinyerera pamkono, ine osayerekeza kupukuta.

Ndinayamba kufotokoza kuti mwina ndi netiweki ya kutsidya, nthawi zina imatulutsa anthu yokha. Anandisiya ndimalize bodza lonse, kenako anafunsa modekha ngati netiwekiyo imadziwanso kutuma akuluakulu khasu. Ndinapepesa, ndipo mumtima ndinali nditayamba kale kuganiza kuti ndikawauza chiyani amayi anga ku Thuchila.

“Akamwini, mauthenga anga aja munamverako angati?”

“Sindinamvereko, amalume.”

“Ndiye munaweruza mlandu osaumva. Inuyo munabatizidwa bwanji?”

Ndinati ndili wakhanda, kutchalitchi kwathu, ndi madzi a mʼbeseni. Anapukusa mutu mwachisoni chenicheni, ngati ndawauza kuti ndili ndi nthenda. Anati za kundithamangitsa iwo alibe nazo ntchito, mdzukulu wawo Tadala asakule wopanda bambo chifukwa cha foni. Ndinayamba kuthokoza. Koma anali asanamalize. Popeza ndinakana kuwamva mʼgulupu, ati ndiziwamva pamaso, Loweruka lililonse, pansi pa mtengo womwewo, kuyambira uthenga woyamba uja. Tambala uja anamulandira.

Tsopano ndapitako kasanu ndi kawiri. Mʼgulupu ndinawabwezera, ndipo lamulo langa lija linafa lokha. Anthu akamakangana ndimangoika timanja topemphera kwa onse, a beseni ndi a mtsinje omwe. Nyumba ndafolera, sindinanyamuke. Koma Loweruka lapitali, titamaliza phunziro, amalume anandiperekeza mpaka pamsewu, chinthu chimene sanachitepo. Anandigwira paphewa nʼkundiuza mokoma kuti akuona kuti ndayamba kumvetsa, ndipo pa dziwe lija la ku Muloza madzi akali ochepa, tidikire mvula kuti ndikamire bwinobwino.

Ndinayankha kuti zikomo, amalume. Mitambo yayamba kale kuunjikana paphiri, ndipo ine kusambira sindidziwa.