Tsiku Limene Ndinachiza Galu wa Mayi Morag

Nkhaniyi mkazi wanga waikamba kale kwa amayi onse a mvano kutchalitchi kwathu, ndipo nthawi iliyonse akamaikamba amaikometsera mwina ndi mwina. Ndaona kuti ndi bwino ndiifotokoze ndekha mmene inayendera. Sikuti indiyeretsa ayi, koma bola manyaziwo ndidzichititse ndi pakamwa panga.

Timakhala ku Dennistoun, mumzinda wa Glasgow, m'nyumba zakale zosanjikizana zija. Ife tili pamwamba, pansi pathu pali Mayi Morag, mayi wachikulire wamasiye amene anatilandira bwino kuyambira tsiku lomwe tinafika ndi masutikesi athu. Ndi iwo anatiphunzitsa tsiku lotulutsa mabini a zinyalala ndi basi yoyenera kukwera popita kuchipatala komwe mkazi wanga amagwira unamwino. Ana alibe. Ali ndi agalu awiri: Hamish, kagalu koyera kaubweya wambiri komwe kamauwa ngakhale tsamba likagwa, ndi Bella, chigalu chakuda chokalamba, cha nyamakazi m'miyendo yakumbuyo. Alinso ndi kampavani, galimoto ija ya bedi, kakhitchini ndi kachimbudzi mkati momwemo, yomwe amayenda nayo kumapiri nyengo ya chilimwe.

Chilimwe chathachi anaterereka potsika kampavaniyo ali ku Fort William, n'kuthyoka fupa la m'chiuno. Ambulansi inabwera nawo kuno ku Glasgow. Galimoto ndi agalu zinatsala komweko, m'manja mwa mayi woyang'anira malo amene anaimikapo.

Titapita kukawaona muwodi tinawapeza akulira. Ine ndinkayesa ndi chiuno.

"Chiuno achilumikiza," anatero. "Koma Bella akuti sakudya. Masiku atatu tsopano."

Apa mpamene pakamwa panga panatsogola, mutu uli m'mbuyo.

"Mayi, musadandaule. Ine ndikawatenga. Kwathu ndinkayendetsa lole ya fodya."

(Zoona zake n'zakuti lole ya malume anga ndinaisunthapo kamodzi ku Kasungu, kuichotsa padzuwa n'kuiika pansi pa mtengo wa mango. Koma kuyendetsa n'kuyendetsa basi.)

Mkazi wanga anandiyang'ana n'kunena m'Chichewa, kuti Mayi Morag asamve: "Bambo a Tadala, inuyo ndi agalu?"

Anali ndi chifukwa chofunsira. Kumene ndinakulira ine, galu aliyense dzina lake linali "Choka!" Zomugwira, zomusisita, zomulowetsa m'nyumba, ndinaziona kuno. Agalu a Mayi Morag ndinkawapatsa moni tikakumana pamakwerero, koma manja ali m'thumba.

Mayi Morag anapempha pepala n'kulemba malamulo atatu. Bella sangakwere kapena kutsika yekha m'galimoto, azinyamulidwa. Mapilitsi ake aziikidwa mkati mwa kachidutswa ka tchizi. Lamulo lachitatu analidula mzere kunsi kawiri: agaluwo asamasulidwe zingwe panja, zivute zitani.

Tinakonza za inshuwalansi, mwana wathu Tadala tinamusiya kwa anzathu a ku Springburn, ndipo Loweruka m'mawa tinakwera sitima. Mkazi wanga anali atangoweruka kumene shifiti ya usiku, koma anakana kuti ndipite ndekha. Ankati akufuna akaone mapiri. Pano ndikudziwa kuti ankafuna akaone ineyo.

Tinafika masana. Hamish anatiuwa ngati akuba. Bella anangodzutsa mutu, n'kuyang'ana kumbuyo kwathu ngati mwina kukubwera munthu wina, kenako anaugonekanso. Ndinamunyamula kumukweza m'galimoto nkhope nditayang'anitsa kumbali. Kulemera kwake ngati thumba la feteleza. Tinamuikira chakudya m'mbale yake, sanachinunkhize n'komwe.

Koma ulendowo, abale, unayamba bwino. Ndinkayendetsa pang'onopang'ono, mwaulemu, moti kumbuyo kwanga kunkapangika mdipiti wa magalimoto ngati wa pamaliro a munthu wolemera. Ndikapeza malo opatukira ndinkaima kuti adutse, ena n'kumakweza dzanja (sindikudziwa ngati konse kunali kuthokoza). Ku Glencoe tinaima nthawi yaitali. Mapiri ataliatali mbali zonse, obiriwira mpaka pamwamba, timitsinje toyera tikutsetsereka m'mbali mwake. Tinawiritsa tiyi pa kachitofu ka m'galimoto, ndinakazinga masoseji, tinakhala pakhomo la kampavani miyendo ili panja. Mkazi wanga anati, "Zaka zonsezi tili m'dziko lino, ife timangodziwa wodi ndi tchalitchi." Ndinavomera. Mumtima ndinali nditayamba kale kuganiza zodzagula kampavani yangayanga.

Titanyamuka pamenepo tulo tinamugwira. Anatsamira pawindo, lamba ali pachifuwa, n'kugona tulo ta munthu amene wakhala chiimire maola khumi ndi awiri.

Ndinaimanso m'mbali mwa nyanja ya Loch Lomond, pamalo ena oimikapo magalimoto pomwe pali kapinga ndi mabenchi. Sindinafune kumudzutsa. Ndinatsitsa Bella, ndinatenga Hamish ndi masoseji awiri otsala, n'kukakhala pabenchi. Agalu aja ndinawamangirira kumwendo wa benchiyo, ndipo nditawayang'ana anandimvetsa chisoni. Kapinga yense uyu, iwo n'kukhala omangidwa ngati mbuzi za pamsika? Ndinadziuza kuti Mayi Morag amangowalera mopusitsa. Nanga Bella, ndi miyendo imeneyo, angathawire kuti?

Ndinawamasula.

Hamish anangozungulirazungulira pafupi. Bella anayenda mwapang'onopang'ono, akukoka miyendo, n'kukazimirira kuseri kwa zitsamba cha kumadzi. Ine ndinatambasula miyendo, ndikudya soseji, ndikuyang'ana maboti. Mphepo inali italeka. Kunali zii, kokoma.

Amene munapitako kumapiri a kuno nthawi ya chilimwe mukudziwa chimene chimabwera mphepo ikaleka. Tizilombo tija, tochepa kuposa udzudzu, tosaimba n'komwe kuti munthu ukonzeke. Tinanditera ngati utsi. M'makutu, m'mphuno, m'tsitsi, mpaka m'zikope. Ndinadzambatuka ndikudziomba makofi kumaso. Hamish ndinamumanganso chingwe n'kumukoka, ndipo dzanja linalo, lomwe linali ndi soseji yotsala, ndinalikweza m'mwamba n'kukuwa: "Bella! Bella, tiye!"

Kuseri kwa zitsamba kuja kunatuluka galu wakuda ali pa liwiro. Anandidutsa, n'kudumphira m'kampavani ulendo umodzi, osakhudza n'komwe kakwerero. Ndinamuponyera soseji ija, anaiwakha m'malere. Ndinatseka chitseko, ndinaliza injini, ulendo.

Tsopano munthu wanzeru akanadabwa. Ine ndinanyadira.

Kumbuyo kunkamveka mbale ikugubuduzika, chakudya chomwe chinakanidwa masiku anayi chikutha. Kenako mutu waukulu unatulukira pakati pa mipando n'kundinyambita khutu. Ndinatsala pang'ono kulowa m'ngalande, koma mumtima ndinati: galuyu akuthokoza. Hamish yekha ndiye anauwa osalekeza, kuuwa kwa mtundu wina, kokhala ngati akundiuza mlandu.

Mkazi wanga anadzuka tikudutsa ku Dumbarton.

"Nanga Hamish watani?"

"Nsanje," ndinatero. "Mnzake wachira."

"Wachira bwanji?"

"Wadya mbale yonse. Wakwera yekha m'galimoto, chodumpha. Mukudziwa, Mayi a Tadala, vuto la inu achipatala n'loti chilichonse mumathamangira mapilitsi. Nyamakazi imafuna mpweya wabwino ndi kuwongola miyendo. Ine ndangomumasula mphindi khumi zokha."

"Mwamumasula?"

"Mphindi khumi. Taonani zotsatira zake."

Anacheuka. Galu uja anali atagona kunsi kwa tebulo, kumdima, kukungooneka mchira ukumenya pansi. Mkazi wanga anati "Mhm." Ndinamupempha kuti atumize uthenga kwa Mayi Morag wowauza nkhani yabwinoyi, koma foni yake inali itatha moto, ndipo yanga inali m'chikwama kumbuyo, nditaitseka mawu monga amachitira dalaivala wosamala. Mtunda wotsalawo ndinauyenda ndikukonza mawu amene ndikawauze madokotala a ziweto.

Tinafika pamsewu wathu dzuwa likadalipo, paja chilimwe cha kuno tsiku silifuna kutha. Nditalimbana ndi kuimika chigalimotocho pakati pa magalimoto awiri, ndinatsegula chitseko. Wodwala wanga anadumpha, anathamangira pa mtengo wa getsi la mumsewu, anaununkhiza, n'kutukula mwendo wakumbuyo m'mwamba.

Tinaima tonse awiri, tikuonerera mpaka anamaliza.

"Bambo a Tadala."

"Ee."

"Bella ndi wamkazi kapena wamwamuna?"

Ndinayang'ananso galu uja.

"Tawerameni muone."

Ndinawerama. Zonse zinalipo, zokwanira bwino lomwe.

Pa lamba wa m'khosi mwake panali kachitsulo kolembedwa dzina loti Rory ndi nambala ya foni. Nditatulutsa foni yanga m'chikwama ndinapeza kuti Mayi Morag akhala akuimba kambirimbiri. Ndinasankha kuyamba ndi munthu wosamudziwayo, poti iye sindikhala naye nyumba imodzi.

Anayankha bambo wa mawu okhuthala, osapupuluma. Anati dzina lawo ndi Angus.

"Ndinu amene mwatenga Rory? Wadya?"

"Wadya, bwana. Pepani kwambiri, ine..."

"Ngati wadya ndiye kuti sakudandaula. Wanuyu ali pano, ndamufunditsa bulangeti. Ndinaimba nambala ya pa lamba wake, anayankha mayi wina ali m'chipatala."

Ndiye kuti nthawi yonse imene ndinkaphunzitsa mkazi wanga za nyamakazi, Mayi Morag anali chigonere pabedi la chipatala, akudziwa kuti Bella watayidwa m'mbali mwa msewu.

Ndinawaimbira. Ndikanakonda akanandikalipira. Anangoti, ndi mawu otopa, "Ndinalemba papepala." Kenako anati, "Mukamupeza mundiimbire. Ndikufuna ndimumve akupuma."

Tinakwezanso agalu awiri aja n'kubwerera. Njira yonse mkazi wanga sanandinyoze, sanakweze mawu. Anangoyang'ana kutsogolo manja atapinda. Titadutsanso ku Dumbarton anafunsa mofatsa kwambiri, "Ndiye mwati nyamakazi imafuna chiyani?" Ndinakweza wailesi pang'ono.

Bambo Angus tinawapeza atakhala pa kampando kopinda pafupi ndi galimoto yawo, ndevu zoyera, kapu ya tiyi m'manja, atavala kaukonde kumaso koteteza tizilombo tija. Rory anatsika n'kupita kwa mbuye wake ngati wachokera kokagula buledi. Hamish anathamangira pa bulangeti n'kuyamba kunyambita Bella kumaso, kuuwa konse kuja kutatheratu.

Ndinayamba kupepesa mwa kwathu, nditagwira manja pamodzi, mawondo atapinda pang'ono. Bambowo anandiletsa.

"Rory amapita ndi aliyense wogwira soseji. Mwezi watha anakwera basi ya alendo odzaona malo. Ndinakuonani mukunyamuka, iye ali pawindo lakumbuyo, akuoneka wosangalala kuposa mmene amakhalira ndi ine. Ndinakuwa, koma munali mukudzimenya makofi."

Tinaseka pang'ono. Kenako analoza pamalo pomwe ndinali nditaimika kampavani masana aja.

"Koma uyu anatuluka kuzitsambako patapita kanthawi. Anayenda mpaka apo, ananunkhiza pansi, n'kugona pa tala pomwepo. Magalimoto amachita kumuzungulira. Ndinayesa kumuitana, ndinayesa bisiketi, osatheka. Ndinachita kumunyamula."

Apa kuseka kunandithera. Ndinayang'ana malo aja, tala wopanda kanthu wokhala ndi kadontho ka oilo, ndipo ndinaganiza za galu wokalamba amene mbuye wake anatengedwa ndi ambulansi iye akuona, lero nyumba yomwe yamuthawanso. Ndinagwada pa bulangeti paja. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinaika dzanja pamutu pa galu mwa kufuna kwanga. Kukamwa kwake kunali ndi imvi, zomwe Rory analibe ngakhale imodzi. Ndikanangoyang'ana.

Mkazi wanga anaimba foni n'kuiika pafupi ndi mphuno ya Bella. Mawu a Mayi Morag atamveka, mchira unamenya bulangeti katatu. Kumbali inayo kunkamveka munthu akulira ndi kuseka nthawi imodzi. Pambuyo pake Bella analandira tchizi cha mapilitsi m'dzanja langa, n'kudyanso theka la chakudya cha Rory, zomwe Bambo Angus anati n'chilungamo.

Ndinamunyamula kumukweza m'galimoto, ulendo uno nkhope osayang'anitsa kumbali. Tinabwerera ku Glasgow pa liwiro langa lomwe lija, mdipiti uli kumbuyo.

Mayi Morag anatuluka m'chipatala, akuyenda ndi chitsulo chogwirira. Anandikhululukira, ngakhale kuti akamandipatsa malangizo masiku ano amalemba zilembo zikuluzikulu n'kundiuza kuti ndiwerenge mokweza. Mpaka chiuno chawo chidzalimbe, ndine amene ndimayenda ndi agaluwo kupaki m'mawa uliwonse ndisanapite kuntchito. Zingwe sindimasula. Komabe mtima sukhazikika, moti tisanatuluke pageti la paki ndimaima, n'kuwerama, n'kusuzumira kunsi kwa Bella.

Dzana mayi wina wokankha mwana pa kangolo anaima n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

"Bambo, mwataya chinachake?"

"Ayi, mayi," ndinayankha ndili chiweramire. "Ndikungotsimikiza."