Chambo Zinayi za a Kamwendo

Mpaka lero, imvi zili mbuu m'mutumu, mkazi wanga sandituma nsomba. Mchere amandituma, palafini amandituma, koma nsomba ayi. Adzukulu akafunsa chifukwa, amangoseka n'kuloza kumwamba.

Zinachitika nkhondo yaikulu ija itangotha, ndili mphunzitsi wachinyamata kufupi ndi Khombedza. Ndinali nditafunsira Esinati, iye n'kundilola. Koma ankhoswe atafika kwa atsibweni ake, mkuluyo anapukusa mutu. "Mayi a mnyamatayu ndi a Nambewe a ku Chipoka. Ifenso mayi athu ndi a Nambewe a ku Chipoka komweko. Ngati bere ndi limodzi, awa ndi munthu ndi mlongo wake, ukwati palibe."

Ndinathamangira kwa amayi. Amayi anati wodziwa mzere wathu watsala mmodzi, a Kamwendo, mlongo wa agogo anga aakazi, amene chibadwire ndinali ndisanawaone. "Koma za makolo safunsa chimanjamanja," anatero. "Ukawagulire chambo."

Ndinakwera sitima ya pamtunda pa Salima nditavala kabudula wosita, masokosi ofika m'maondo, kope m'thumba, m'khosi muli magalasi oonera patali amene msuweni wanga anabwera nawo kunkhondo. (Musandifunse ntchito yake pofufuza makolo. Ndinkangofuna anthu andione basi.)

Pa Chipoka ndinagula chambo zinayi zonona, zotungidwa pa mlaza. Anthu anati kwa a Kamwendo n'kwapafupi pa bwato, chifukwa kumtunda n'dambo lokhalokha. Pagombe ndinapeza mdala wina wa malaya azigamba akukapa madzi m'bwato. Ine ndi uphunzitsi wanga moni ndinangoponya, dzina osafunsa.

"Bambo, mundiperekeze kwa a Kamwendo."

Anandiyang'ana, n'kuyang'ana nsomba zija. "Kwerani."

Tisanapite patali ndinamva kulira pamwamba pa mtengo. Nkhwazi! Ife akumtunda tinazolowera mphamba wakuba anapiye, koma ichi, abale inu, mutu ndi chifuwa zoyera ngati malaya a abusa, chikulira chitagadamitsa mutu.

"Mukufuna muione pafupi?" anafunsa mdala uja. "Bweretsani imodzi."

Mumtima ndinati zitatu n'zambiribe. Iye anathyola kabango n'kukalowetsa m'kamwa mwa chambo kuti isamire, anaimba mluzu, n'kuiponya. Ine magalasi kumaso, kupotokola uku ndi uku, koma chomwe ndinaona ndi khutu la mdalayo, lalikulu ngati lichero. Ndinangomva phwaa! Pochotsa magalasi, nsomba kulibe, mbalame ili mumtengo.

"Sindinaone! Tiyeni inanso!"

Yachiwiri ndinaonera maso angaanga. Inatsika mapiko ali tambalala, miyendo patsogolo, n'kutsomphola nsombayo osanyowetsa ngakhale nthenga. Ndinaimirira m'bwato n'kukuwa, "Yatenga! Yatenga!" mpaka bwato linamwa madzi, masokosi onse nyowe.

"Khalani pansi, aphunzitsi. Taonani, mkazi wake uyo wabwera. Mudyetsa mwamuna yekha?"

Munthu wofuna banja ngati ine, kumana mkazi wa mwini? Yachitatu inapita.

Yachinayi sindinamizira munthu. Mdala uja ankangopalasa. Ndine ndekha ndinaisolola pa mlaza, n'kuyesa mluzu womwe sunatuluke, n'kuiponya ndi mphamvu zanga zonse. Bango ndinaiwala. Chambo inati chubwi, n'kumira tonse tikuona, ine, mdala ndi nkhwazi ziwiri.

Apo m'pamene ndinakumbukira Esinati. M'manja munatsala mlaza wokha.

Titakocheza, mdala uja anamanga bwato, ine pambuyo pake ndikufunsa nyumba ya a Kamwendo. Analowa pabwalo pena, anatenga mpando pakhonde, n'kukhala bwinobwino.

"Fikani, alendo. Mwatitengera chiyani?"

Kalanga ine! Ndinagwada pamchenga mlaza uli m'manja, thukuta lili kamukamu. Akazi awo anatuluka atanyamula mbale yolandirira nsomba. Mbale ija inandipweteka kuposa chikoti.

"Agogo, ndachimwa. Ndine mdzukulu wa..."

"Ndinakudziwa ukali pagombe. Mphumi imeneyo nja mlongo wanga. Ndimafuna ndione ngati ungandisiyireko imodzi." Anaseka mpaka kutsokomola. "Tulutsa kope lakolo, ulembe. Ine ndinaphonya tsiku la chinkhoswe changa, ndili pabwato kuonerera mbalame yomweyi. Atsibweni anga anagwa mumtengo n'kuthyoka mwendo pofuna kusuzumira m'chisa chake. Bere lathu ndi limenelo."

"Nanga a Nambewe a kwa Esinati?"

"Awo anatsika kumapiri a Dedza ndi makasu awo, ine ndili mnyamata. Anthu anzeru, osataya ndiwo. Palibe chibale ndi ife ngakhale pang'ono."

Ndinalumpha ngati mwana, n'kugwira chanza aliyense, ngakhale agogo aakazi ndi mbale yawo yopanda kanthu. Koma chimwemwe chinandipusitsa, ndinawapempha a Kamwendo kuti akachitire umboni okha kwa atsibweni a Esinati. Anapitadi. Ndipo pamaso pa mbumba yonse, umboni wawo unayambira pa chambo yoyamba mpaka yomira ija, mluzu wanga womwe akuuyerekeza.

Atsibweni aja anapukuta misozi ya phwete. "Zoona, uyu si m'bale wathu," anatero. "Esinati, ngati ukumufunabe mtenge, koma kunyanja uzipita wekha."