Kamlamba ka a Kamphinda

Mwambi uwu, adzukulu anga, chiyambi chake ndi ichi. Khalani bwino, ndipo wofuna kufunsa adikire ndimalize, afunse ndi chiganizo chathunthu.

Ku Zomba kudali a Kamphinda, kalaliki wopuma pa ntchito, amene adagula kamlamba kakang'ono ngati chala, nakaika m'thanki yagalasi pabalaza. M'thankimo mudali mchenga, phale la mphika ndi nkhono imodzi yodya ndere. Wogulitsa adawauza kuti kansombako kamayenda kukada, koma iwo maganizo adali kale pa alendo amene adzakasirire.

Sabata idatha osakaona. Adapachika babu pamwamba pa madzi kuti liziyaka usana ndi usiku. Adagogoda galasi ndi supuni. Chakudya chikatha, ankati yadya ndi nkhono, imene nayonso idali itadzitsekera m'chigoba. Pomaliza adagamula kuti akazi awo, Nangondo, adakakazinga.

"Zaka makumi atatu ndakuphikirani chambo," adatero Nangondo, "lero ndibe nsomba yosakwana ndi pasupuni pomwe?"

Nangondo adamanga katundu wawo, naitanitsa nkhoswe ya banjalo, a Zimveka.

A Zimveka adamvetsera mbali zonse ziwiri. Kenaka adalamula kuti babu lizimitsidwe, ndi kuti a Kamphinda akhalire manja awo kufikira nkhono itatulutsa maso.

Dzuwa lidapendeka. Kuwala kwa madzulo kudasungunuka m'madzimo, ndipo nyumba idangoti zii. Nkhono idasuzumira, nitambasula tinyanga take pang'onopang'ono ngati munthu wodzuka ku tulo tabwino. Posakhalitsa pansi pa phale padatuluka ndevu ziwiri zopyapyala ngati ulusi, zikupapasa mchenga. Kamlamba kadatsatira ndevu zake, kakuyandama mwakachetechete ngati loto losafuna kutha.

"Si ako apo, katuluka!" adakuwa a Kamphinda, akumenya tebulo.

Mchenga udangoti phwii. Kamlamba kadabwerera pansi pa phale, nkhono m'chigoba.

Nangondo adayamba kumasula katundu, nanena mofatsa kuti iwo amakaona m'bandakucha uliwonse akazimitsa babu lija kuti asese.

"Nanga bwanji simudanene, mayi?"

"Mudandisiyira mpata, bambo?"

A Kamphinda adawerama, nabwezera okha manja awo pansi pa ntchafu. A Zimveka adatenga chipewa chawo, ndipo ali pakhomo adatembenuka.

"Achimwene, kaya ndi nsomba, kaya ndi banja, kuona maso a nkhono n'kudekha."